Theka la Piritsi Lofiira

Mwaiwathu anaika piritsi pa mbale yachitsulo n'kulipanikiza ndi chala chachikulu. Linali piritsi lofiira, laling'ono ngati nandolo wouma, ndipo ukalidula mosasamala theka lake linkadumpha n'kukabisala pansi pa kabati. Analozetsa lezala pakati penipeni, kenako anadula. Theka limodzi analibwezera m'kabotolo. Linalo analiika mu sipuni, natenga sipuni ina n'kuyamba kulitikita pang'onopang'ono, mpaka khungu lofiiralo linasweka, ufa wotuwa wam'kati n'kuonekera.

Phala la mng'ono wake Sofiya linali litazizira kale m'kapu.

"Mwai!" amayi ake anaitana ali panja, pa thanthwe pomwe ankayanika chinangwa. "Kanthu kochepa ngati diso la usipa, iwe ukupera ngati wapita ku chigayo? Mwana achedwa kusukulu."

"Ndatha, amayi."

Sanathe. Anapitiriza kugogoda masipuni awiriwo kuti amayi amve kuti ntchito ikugwirika. Kenako anasuzumira pakhomo, naona msana wa amayi ake uli chiweramire, ndipo anagwada pa mafuwa n'kukhuthulira ufa wonse m'phulusa. Anafotsera ndi chala. Sipuni yopanda kanthuyo anaiviika m'phala, natakasa katatu monga ankachitira masiku onse.

Limeneli linali tsiku lachisanu ndi chimodzi akutaya mankhwala a Sofiya, ndipo m'mudzi wonse wa Yofu munalibe wina wodziwa.

Sofiya analowa atavala yunifolomu, mabatani atawasemphanitsa. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, koma msinkhu wake unali wa mwana wa zaka zisanu, ndipo pakamwa pake sipankazizira. Analawa phala lija n'kukweza nsidze.

"Achemwali, masiku ano mwayamba kudziwa kuphika."

"Idya."

"Kale linkanunkha msomali."

"Msomali unaulawa liti iwe?"

"Ndinanyambita umodzi kwa a Yoswa, pamene ankakhoma bwato."

"Idya, usalankhule zambiri." Mwaiwathu anamukonzera mabatani, nayang'ana m'maso mwake. Munali chikasu chomwe chija cha masiku onse.

Sofiya anabadwa ndi maso achikasu, ndipo zala ziwiri za kuphazi lamanzere zinalibe zikhadabo. Magazi ankamuchepera popanda chifukwa chooneka. Akamuyeza malungo, osapezeka. Akamuyeza matenda a sikoselo, osapezeka. Kanayi konse anamuwonjezera magazi ku chipatala cha pa chilumba, kenako madokotala a pomwepo anamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu kumtunda. Kumeneko kunali madokotala ofufuza za ana amene magazi awo sakwera. Anatenga magazi a Sofiya, a amayi ndi a bambo, n'kunena kuti zotsatira zidzatenga nthawi chifukwa zikayezedwa kunja. Patatha chaka anaimba foni. Bambo ake, a Edmund, anakwera sitima ndi Sofiya kukamva.

A Edmund anali msodzi, koma pa Yofu ankadziwika ndi Chingerezi. Agogo awo anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo a Edmund ankawerenga malemba pa mapemphero a Chingerezi m'tchalitchi chachikulu ku Chipyela, mawu ali gwa, osapunthwa ngakhale pa mayina ovuta a mafumu a Ayuda. Atabwerako kumtunda anakhala pa khonde, anthu atawazungulira.

"Ndinacheza nawo adokotala mwa ife tokha, m'Chingerezi chenicheni," anatero. "Nkhani ndi yomwe ija, magazi ndi ochepa. Angowapatsa dzina lalitali."

Sofiya anawonjezera kuti adokotalawo anafunsa ngati pakufunika womasulira, ababa n'kuseka. Anthu onse pakhondepo anaseka nawo. Womasulira wa a Edmund!

Mapiritsi ofiira sanachokere kwa dokotala aliyense. Anachokera kwa amayi a gulu la mpingo. Mtsogoleri wawo, a Evelina, ndi amene anayambitsa. Ku sikelo amayi oyembekezera ankalandira mapiritsi owonjezera magazi, ndipo a Evelina anati magazi ndi magazi, a mayi kapena a mwana. Choncho mayi aliyense woyembekezera wa m'gululo ankapatula angapo pa gawo lake, n'kuwamanga m'kapepala. Lachinayi lililonse amayiwo akabwera kudzapemphera ndi Sofiya, timapepalato tinkaikidwa m'mbale pamphasa. Ankachitcha chopereka chofiira. Zinali zitachitika zaka ziwiri, ndipo amayi ake a Mwaiwathu, a Frances, sankatha kunena za chopereka chimenecho osapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ntchito yodula ndi kupera inapatsidwa kwa Mwaiwathu, chifukwa ndiye anali ndi manja odekha.

Kalata ya madokotala a kumtunda Mwaiwathu anaipeza mwangozi. Anali atamaliza Folomu 4, ndipo ankafuna satifiketi yake ya ubatizo kuti akafunsire malo pa kosi ina ya mpingo. Mapepala onse a banja ankakhala m'bokosi lachitsulo kuchipinda kwa makolo. Mmenemo munali satifiketi ya uphunzitsi ya agogo, yachikasu ndi ukalamba, makhadi a ubatizo a anthu amene anamwalira kalekale, ndi chikalata cha ukwati cha makolo ake. Mwambo wa nyumba imeneyo unali woti pepala lililonse lokhala ndi chidindo komanso mayina a banja limalowa m'bokosi, ndipo silitulukanso pokhapokha pa tsiku loyanika. Pakati pa chikalata cha ukwati ndi khadi la Sofiya panali envulopu yoyera. Pamwamba pake panalembedwa kuti ipite kwa dokotala wa pa chilumba.

Mwaiwathu anaona chomwe chinasokoneza bambo ake. Kalatayo inali ndi chidindo chachikulu, ndipo pansi pake panali chojambula chonga mtengo wa banja: kabokosi kolembedwa Edmund, kabwalo kolembedwa Frances, tonse todetsedwa theka, ndipo pansi pawo kabwalo kakuda bii kolembedwa Sofiya. Pambali panali kabwalo kena kopanda mtundu, kokhala ndi chizindikiro cha funso. Kameneko anali iyeyo. Kwa a Edmund, limeneli linali pepala la banja, ndipo analisunga mwaulemu pomwe ankasunga mapepala a banja.

Anawerenga ataimirira, khutu lili pakhomo. Mawu ambiri anali achilendo, koma ena anawakumbukira kuchokera m'buku la Bayoloje. Mzere umodzi wokha unali wodulidwa kunsi ndi cholembera, ndipo unali m'Chingerezi chosavuta: mwanayu asapatsidwe mankhwala a ayironi. Ayironiyo ndiye anali m'mapiritsi ofiira aja.

Lachisanu lapitalo anauza amayi kuti akukaona zomata pa bolodi ku maofesi a boma. Kalata anaibisa m'buku la Bayoloje, natsika kanjira ka pakati pa milambe kupita ku Chipyela. Pa benchi ya chipatala anakhala maola atatu, chifukwa aliyense wobwera pambuyo pake ankamuuza ndi mutu kuti atsogole. Benchi itatsala ndi iye yekha, analowa.

Dokotala wake anali mayi wachitsikana wa kumtunda, wolankhula Chichewa chokoka ku Chitumbuka.

"Wadwala chiyani, mwana wakwithu?"

Mwaiwathu anangotambasula envulopu ndi manja awiri. Dokotala anawerenga mpaka kumapeto, nabwereranso poyamba, kenako analoza tsiku lomwe inalembedwa.

"Miyezi khumi ndi inayi. Inali kuti kalata iyi?"

"M'bokosi."

"La ku positi?"

"La ababa."

Dokotala sanaseke. Anafunsa ngati mwanayo akumwa chilichonse, ndipo Mwaiwathu anafotokoza za chopereka chofiira, maso ali pa simenti. Dokotala anaika cholembera pansi.

"Sukulu unafika pati?"

"Folomu 4."

"Ndiye ukudziwa kuti m'selo lililonse muli DNA." Anasolola ulusi pa bandeji, wautali ngati mkono. "Ulusi wa m'selo limodzi ukautambasula umafika mamita awiri. Ungalowe bwanji m'kanthu kosaoneka ndi maso? Umakulungidwa." Anayamba kuukulunga pa cholembera, kawiri apa, kawiri apo. "Timikanda tomwe umakulungidwapo ndi mapuloteni otchedwa mahisitoni. Ulusi ukakulungidwa chonchi timati kromatini. Tsopano pali jini ina, dzina lake ndi ili, CDAN1. Imapanga puloteni yotchedwa kodanini, yomwe imathandiza pa ntchito yokulungayi. Momwe imathandizira, ngakhale akuluakulu akufufuzabe. Koma kwa mng'ono wako siikugwira bwino. Maselo amene amayenera kusanduka magazi ofiira, m'mafuta a m'mafupa, amakulunga ulusi wawo moboola-boola ngati chinkhupule. Ambiri amafera momwemo, osatuluka."

"Ndiye ayironi sangathandize?" Linali funso loyamba lomwe Mwaiwathu anafunsa munthu wamkulu chaka chimenecho.

"Njerwa zilipo zambiri, wodwala ndi mmisiri. Iwe ukangotuta njerwa zina, nyumba siikwera, zimangodzaza pabwalo. Thupi la mwana wotere limakoka kale ayironi wambiri m'chakudya, chifukwa likuona kuti magazi ndi ochepa. Magazi amene tinamuwonjezera aja analinso ndi ayironi. Ndipo ayironi akalowa alibe khomo lotulukira. Amakakhala m'chiwindi ndi mumtima."

"Anatengera kwa ndani?"

"Kwa onse awiri, theka uku theka uku. Palibe wolakwa, iwo sadwala n'komwe." Dokotala anajambula kalatayo pa foni yake n'kumubwezera. "Mapiritsi asiye lero lomwe. Lolemba ubwere ndi makolo ako ndi mwanayo, tione momwe chiwindi chilili, tilankhulenso ndi a kumtunda. Ndipo amayi amene akupereka mapiritsiwo ndiwo akuwafuna. Wamva?"

"Ndamva."

Anamvadi. Kalata anaibwezera m'bokosi, pakati pa chikalata cha ukwati ndi khadi la Sofiya. Loweruka m'mawa anataya ufa woyamba m'phulusa. Lolemba linafika, n'kudutsa.

Sikuti sanayese. Kusukulu anzake ankamutcha Kachetechete, chifukwa ankadziwa yankho koma dzanja lake linkalemera ngati nangula. Lamulungu akutsuka mbale ndi amayi anakonza mawu onse m'mutu, koma asanatsegule pakamwa amayi anayamba okha: "Anthu a Mulungu alipo, mwana wanga. Beatrice uja mimba yake yoyamba, koma sabata yatha anapereka asanu." Mwaiwathu anangopitiriza kutsuka mbale. Lachiwiri anapita kwa bambo ake akusoka ukonde, naima pambali pawo mpaka iwo anakweza mutu. "Ukufuna chiyani, mayi?" Ankamutcha mayi chifukwa anali ndi nkhope ya amayi awo. "Palibe, ababa. Ndimati ndikubweretsereni madzi."

Akananena bwanji? Kunena kunali kuuza bambo ake kuti Chingerezi chinawathawa pamaso pa dokotala. Kunali kuuza amayi kuti zaka ziwiri akhala akuthokoza chinthu chopweteka mwana wawo. Ndipo manja amene ankapera anali ake. Kutaya ufa m'phulusa kunali kosavuta, chifukwa phulusa silifunsa. Ankadziuza kuti bola mapiritsi asiya kulowa. Koma ankadziwanso kuti amene analowa kale ali momwemo, ndipo palibe amene akuwayang'ana.

Tsiku limenelo, Lachinayi, Sofiya anabwera kusukulu nthawi isanakwane. Anati anakhala pansi kawiri panjira chifukwa miyendo inkakana. Anagona pamphasa pakhonde, mutu uli pa ntchafu za Mwaiwathu, akufotokoza za mnzake amene anameza chofufutira.

Dzuwa litapendeka pang'ono amayi a gulu anafika, asanu ndi awiri, atavala mabulauzi oyera ndi masiketi abuluu. A Evelina anali patsogolo ndi ambulera yawo yothyoka nthiti imodzi. Womaliza anali Beatrice, wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, amene anayenda kuchokera ku Khuyu. Anafika akupuma ngati wakwera phiri, natsamira chipupa asanapereke moni. Mwaiwathu anamuyang'ana milomo. Inali yotuwa kuposa ya Sofiya.

"Beatrice, khala pansi usatiberekere pakhonde la eni," anatero a Evelina. "Ife lero tavala zoyera."

"Mukanandibereka kumsana, amayi, mwina tikanafika msanga."

"Ine? Msana uwu unabereka ana asanu ndi anayi, unapuma pa ntchito."

Anaseka, naimba nyimbo imodzi, napemphera. A Edmund anali pansi pa mtengo wa mango chapatali, akumanga mbedza. Pemphero likamachitika ankavula chipewa, likatha n'kuvalanso. Kenako a Frances anatulutsa mbale, timapepala n'kuyamba kugweramo. Beatrice anamasula nsonga ya chitenje natulutsa kathumba konse ka ku sikelo, kosatsegula.

"Onsewa?" anafunsa a Frances.

"Ine amandichititsa nseru. Bola athandize mwana."

A Evelina anakokera Sofiya pafupi, natsitsa chikope chake ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amake Mwai, bwerani muone. Muli mbuu ngati mkati mwa chinangwa. Mukumupatsa bwanji?"

"Theka, m'mawa uliwonse."

"Theka linali la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Uyu wakula. Kuyambira lero lathunthu, ndipo ameze, asamabisiridwe m'phala ngati khanda. Mwai, tenga madzi."

Mwaiwathu anadzuka. Miyendo inamutengera ku mtsuko yokha, monga inkachitira nthawi zonse munthu wamkulu akalankhula. Anatunga madzi, nabwera nawo, nagwada. Amayi ake anali atang'amba kale kathumba ka Beatrice, piritsi lili pa chikhatho.

"Yasamula."

Sofiya anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, nalankhulira m'zala. "Ine ndikufuna la achemwali."

"Ndi lomweli."

"Ayi. La achemwali silinunkha msomali. Kuyambira Loweruka silinunkha. Phala limangokoma phala."

Amayi ena anaseka, koma a Frances sanaseke. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwai. Mankhwala ukumupatsa mwanayu?"

Mwaiwathu anaika kapu ya madzi pansi. Akanatha kunena kuti akupera kwambiri n'chifukwa chake sakumveka, ndipo akanamukhulupirira, chifukwa ankamudziwa ngati mwana wosanama. Koma piritsi linali pa chikhatho, lathunthu, ndipo mawa likanakhala lina.

"Ayi, amayi."

"Ayi chiyani?"

"Sindikumupatsa. Ndikutaya m'phulusa."

Onse pakhondepo analankhula nthawi imodzi. Wina anati n'chifukwa chake mwana watuwa. Wina anati anzathu akudzimana, wina akudyetsa phulusa. A Evelina anamenya ambulera pansi.

"Ndi zimenezitu za masukulu. Mwana wofatsa ngati nkhosa, kumachita zotere? Ukufuna mng'ono wako afe?"

"Bambo a Mwai!" a Frances anaitana. "Tabwerani mudzamve zomwe wachita mwana wanu."

A Edmund anabwera, chingwe cha mbedza chikadali m'manja. Atamva, anamuyang'ana Mwaiwathu modabwa kuposa mokwiya.

"Mayi, n'zoona?"

Mwaiwathu anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo kumbuyo kwake wina anati, "Onani, akuthawa." Analowa kuchipinda kwa makolo, kumene mwana salowa popanda kutumidwa, nakoka bokosi lachitsulo. Linalira pa simenti moti onse panja anamva. Anatuluka ndi envulopu ija, nagwada pakati pa mphasa, pakati pa Sofiya ndi dzanja la amayi.

"Ndani wakuuza kuti ugwire mapepala a m'bokosi?" anatero a Edmund.

"Palibe, ababa."

"Kalata imeneyo ndinaiwerenga ine. Ndikuidziwa."

Mwaiwathu anayang'ana mphasa, pomwe ulusi wina unali utaduka, nayamba kulankhula ndi mawu aang'ono moti a Evelina anati, "Kweza mawu, sitikumva." Anakweza.

"Kalata iyi si ya m'bokosi. Pamwamba apa alemba kuti ipite kwa adokotala a ku Chipyela. Yakhala m'nyumba muno miyezi khumi ndi inayi. Lachisanu ndinapita nayo. Ndinanama kuti ndikupita ku maofesi, amayi, mundikhululukire. Adokotala anaiwerenga kawiri."

"Unapita ndi pepala langa kwa anthu?"

"Eya, ababa. Matenda a Sofiya si kusowa kwa zomwe zili m'mapiritsiwa. Zimenezo ali nazo zambiri, zochita kupitirira. Vuto lili m'mafupa, momwe magazi amapangidwira. Muli kanthu kamene kamathandiza kukulunga ulusi wa m'maselo, ndipo kwa iye sikagwira bwino, ndiye magazi amafa asanatuluke. Anabadwa nako. Theka anatenga kwa inu, theka kwa amayi, ndi zomwe ajambula apazi. Si mtengo wa banja wokongoletsa ayi. Ndipo anati palibe wolakwa."

Palibe anamudula, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa phokoso lija.

"Mapiritsi awa sangamuwonjezere magazi ngakhale amwe thumba lonse. Amakaunjikana m'chiwindi ndi mumtima, ndipo satuluka. Alemba apa, adula mzere kunsi. A Evelina, mwana wanu wa ku sekondale akhoza kukuwerengerani, si mawu ovuta. Zaka ziwiri ndakhala ndikupera ine ndi manja angawa. Kutuwa kwa lero sindikudziwa chifukwa chake, mwina akufunika magazi ena, koma si masiku asanu ndi limodziwa. Akamuyeze odziwa."

"Ndiye ukuti ife tinkamupha mwana?" A Evelina anafunsa motsitsa, ambulera ili pa miyendo.

"Ayi, amayi. Inu munkapereka zomwe munali nazo. Koma amene akufunika mapiritsiwa ndi a Beatrice. Tawaonani milomo. Achoka ku Khuyu akupumira m'mwamba, n'kudzapereka mankhwala awo onse kwa mwana amene akumupweteka nawo."

Beatrice anagwira milomo yake ndi zala. A Frances anayang'ana piritsi lomwe linali pa chikhatho chawo. Thukuta linali litayamba kusungunula khungu lake, chikhatho n'kufiira.

A Edmund anatambasula dzanja kuti alandire kalata. Mwaiwathu sanapereke. Kwa nthawi yoyamba anakweza maso n'kuyang'ana bambo ake kumaso, ndipo anaona kuti chingwe cha mbedza chawazinga zala.

"Ababa, Chingerezi cha m'kalata iyi si cha m'tchalitchi. Ine ndinaphunzira Bayoloje zaka zinayi, koma ndinamva mzere umodzi wokha. Zinazo ndinachita kukafunsa. Ndinakhala pa benchi maola atatu ndikuopa, koma nditafunsa sindinafe. Inu anakufunsani ngati mukufuna womasulira, munaseka, ife tonse tinaseka nanu, ineyo ndinaseka nawo pakhonde pompano. Sindikunena kuti ndikuchititseni manyazi pamaso pa alendo. Ndinafuna kunena Lamulungu, ndinafuna kunena Lachiwiri muli nokha, ndinalephera. Adokotala anati tipite Lolemba lapitali, ndipo sitinapite chifukwa cha ine, chifukwa ndinaona kuti kukhala chete n'kwabwino kuposa kukukhumudwitsani. Ndinalakwa. Sofiya sadzamwanso piritsi limeneli, lathunthu kapena theka, ine ndili m'nyumba muno. Mawa m'mawa ndikupita naye ku chipatala ndi kalata iyi. Akatopa panjira ndimubereka. Ndikufuna mupite nafe, inu ndi amayi, ndipo adokotala akayamba kulankhula, tikawapemphe alankhule Chinyanja."